Ine, Asewele ndi Asilikali Athu Otopa

Lachiwiri, 4 Juni

Shuga 16. Mpweya 90. Tsiku lachitatu m'chipatala, loyamba kugwira cholembera osachigwetsa. Kabuku aka n'kolembamo shuga, koma masamba akumbuyo angokhala, ndiye ndizilembamo zanga.

Masiku awiri oyamba sindikuwakumbuka bwino. Thupi moto. Chifuwa ngati munthu wonenepa wandikhalira. Timapaipi m'mphuno. Akuti kachilombo ka chimfine, koma kolusa, katsikira m'mapapo. Chimfine! Ine wometa anthu zaka makumi atatu, makasitomala akundiyetsemulira kumaso tsiku ndi tsiku, osagwa. Lero ndagwetsedwa ndi kamtsikana ka zaka ziwiri. Mdzukulu wanga yemwe. Anachitenga ku sukulu ya mkaka.

Koma nkhani si imeneyo. Nkhani ndi bedi 8.

Ine ndili pa bedi 7. M'mawa kutembenuza khosi: dazi lija. Magalasi aja. Asewele anga, bambo ake a mkamwini, Aphunzitsi a sayansi opuma ntchito. Chipatala chonsechi, mawodi onsewa, kundigoneka pafupi ndi iwo! Nawonso shuga. Nawonso kachilombo komweko, kwa mdzukulu yemweyo. Pa tsiku lake lobadwa tinkalimbirana kumunyamula, mwana mamina ali chuchuchu. Ine mphindi khumi, iwo khumi ndi ziwiri. Ankayang'ana pa wotchi.

Zaka zitatu osalankhulana bwino. Chiyambi chake: tsiku la ukwati wa ana athu anakhala mpando wakutsogolo m'galimoto, ine bambo a mkwatibwi kumbuyo, keke pamiyendo. Sindinaiwale.

Moni wawo wa lero: "Mumaliza mkonono ngati jenereta." Ine ndati zikomo.

Lachitatu, 5 Juni

Shuga 15. Mpweya 91. Tiyi wopanda shuga, buledi kachidutswa kamodzi koonekera kuseri.

Kwabwera dokotala wachitsikana, wochepa thupi, kachikwama ka timabotolo m'manja. Si wotichiza, ndi wa kafukufuku. Akufuna magazi pang'ono lero, ena Loweruka, omaliza tikadzachira. Dzina ndamupatsa kale: Udzudzu.

Wafotokoza bwinobwino, koma mpweya ukuchita phokoso m'mphuno, khutu lakumanzere nalo silimva bwino. Ine ndamva kuti akufufuza "maselo a tiyi" mwa anthu a shuga. Mtima myaa! Ndati mwana iwe, Mulungu akudalitse, zimenezo ndakhala ndikuwauza akunyumba zaka zisanu ndi ziwiri, kuti thupi langa likusowa tiyi weniweni, wa masupuni atatu. Ndinali wokonzeka kusaina kawiri.

Kuseka kwa bedi 8! Mpaka kutsokomola, mpaka makina kulira, Sisitala woyang'anira wodi kubwera chothamanga. Atapezako mpweya: "T, asewele. Chilembo. T wa tebulo."

Ndiye phunziro linayambika, osapemphedwa. Ajambula pa katoni ya mankhwala. M'magazi muli asilikali a mitundumitundu. A T alipo magulu awiri akuluakulu: ena amasaka maselo amene kachilombo kabisalamo n'kuwapha, ena ndi akapitawo, ouza anzawo chochita. Udzudzu wavomera kuti n'zoona. Wawonjezera kuti munthu akadwala kwambiri chonchi asilikaliwo amachepa m'magazi, otsalawo amaoneka otopa. Iye akufuna kudziwa ngati mwa ife a shuga amatopa mosiyana, poti matenda otere amatigwetsa kuposa anzathu. "Sitikudziwa zonse, n'chifukwa chake ndikukupemphani." Dokotala wovomera kuti sadziwa! Ndamukonda. Ndasaina.

Aphunzitsi awerenga masamba onse asanu ndi limodzi a fomu. Apezamo mawu awiri olembedwa molakwika. Asaina atamuonetsa.

Lachinayi, 6 Juni

Shuga 14. Mpweya 91.

Nkhondo ya windo. Lili pakati pa mabedi athu. Ine ndikufuna lotsekula, iwo lotseka. Akapita kuchimbudzi nditsekula. Ndikapita ine atseka. Vuto ndi loti tonse kuchimbudzi timapita pafupipafupi, a shuga nanga, ndipo ulendo wake ndi wokoka botolo la mpweya ngati mbuzi yokana. Windo latsekuka kasanu, latsekeka kasanu. Wa bedi 3 akuwerenga mokweza.

Masana Udzudzu anadutsa. Zotsatira za kafukufuku wake zimatenga miyezi, koma m'faelo ya wodi muli nambala ya gulu lonse lomwe a T alimo. Munthu wabwinobwino amapitirira 1000. Aphunzitsi ndi amene anaumirira kuti atiuze.

Ine 700. Iwo 800.

Nkhope ija! Ngati apatsidwa mendulo. "Asilikali a munthu wophunzira amasunga mwambo." Ndati anga ndi ochepa koma akuthwa. Udzudzu wanena kawiri kuti si mpikisano, kusiyana kotereku sikutanthauza kanthu, tonse tili pansi. Palibe anamumva.

Madzulo ndinapita kubafa, ndinatseka chitseko, n'kuwalankhula anyamata anga. Ndinayang'ana pa mkono pamene pali mtsempha waukulu. Ndati amuna inu, ndakudyetsani zaka makumi asanu ndi limodzi, nthawi zina mopitirira, ndavomera. Koma kugonja kwa mphunzitsi wa dazi ayi. Dzukani. Amene ali pa tchuthi abwerere.

Potuluka, Sisitala ali pakhomo ndi thireyi ya majakisoni. "Mwatha msonkhano, bambo?" Ndati tangotseka ndi pemphero.

Lachisanu, 7 Juni

Shuga 13. Mpweya 92. Kukhosi kukuyabwa, koma ndadya zonse.

Akunyumba anabwera, atavala chotchinga kukamwa, maso okha akundiweruza. Mazira owiritsa awiri. Limodzi langa, limodzi la bedi 8. Lawo linali lalikulu. Ndanena. Akuti nkhuku yake ndi imodzi.

Mwana wanga naye, ndi mwamuna wake. Kulira kuti mlandu ndi wake, akanamusiya mwana kuchipinda tsiku lija. Ine ndi Aphunzitsi tinayankha pamodzi kuti ayi, ndi ife tinachita kumulanda. Koyamba kugwirizana pa zaka zitatu. Tonse tinachita manyazi, aliyense kuyang'ana kwake.

Tsopano chinsinsi. Alendo atapita ndinamva kaphokoso, tswee tswee, ka pepala la pulasitiki. Kuyang'ana: Aphunzitsi ayang'ana kukhoma, tsaya lakumanja latupa. M'kabokosi ka magalasi, pansi pa kansalu kopukutira, maswiti! Ofiira, achikasu, obiriwira. Munthu amene dzulo anandiphunzitsa kwa theka la ola kuti shuga wambiri amawalemetsa miyendo asilikali.

Ndinangoti, "Sayansi ikukoma, asewele?"

Anatsala pang'ono kumeza ndi pepala lomwe. Akuti ndi a pangozi, shuga akatsika mwadzidzidzi. Shuga wawo m'mawa anali 19. Atsikira kuti, pa makwerero ati?

Tapangana. Ine ndikhala chete, iwo andipatsa switi imodzi, ndipo windo lizikhala lotsekula kuyambira 2 koloko mpaka 4. Tagwirana chanza. Dzanja lawo lotentha ngati simbi, koma sindinaganizepo kanthu.

Yanga inali yofiira. Ndinaiyamwa pang'onopang'ono, maso otseka. Zaka zisanu ndi ziwiri. Misozi inatuluka ndithu.

Loweruka, 8 Juni

Shuga 17. Ndikudziwa chifukwa chake. Sisitala sakudziwa. Wandiyang'ana nthawi yayitali.

Udzudzu waluma kachiwiri. Mtsempha wanga anaupeza kamodzi, wa Aphunzitsi kanayi. Ndalemba, 1 kwa 0.

Anatitenga kukajambulidwa m'chifuwa, aliyense pa njinga ya odwala. Khonde lalitali, lotsetsereka pang'ono. Ndinamunong'oneza wondikankha kuti tisapitiridwe. Aphunzitsi anamva, nawo kulimbikitsa wawo. Amuna awiri a imvi, mabotolo a mpweya pamiyendo, malaya a chipatala otsekuka kumbuyo, kukuwa "tiye! tiye!" ngati ali ku mpira. Pa chitseko tinafika pamodzi, njinga kukolana. Mmodzi ayenera kubwerera m'mbuyo. Ndati, pitani asewele, kutsogolo munakuzolowera.

Anandiyang'ana osamvetsa. Ndinawakumbutsa za galimoto, za keke. Anthu inu, sakukumbuka n'komwe! Atakumbuka, akuti kumbuyo amasanza, ndipo anauza dalaivala kuti andifotokozere. Dalaivalayo sanandiuze. Zaka zitatu ndakwiyira munthu amene amangoganiza kuti nkhope yanga ndi mmene inabadwira.

Podikira pa benchi anayamba kukamba za malemu akazi awo. Chaka chachiwiri tsopano. Akuti ndi amene ankawabisira maswiti, m'thumba la ufa, m'nsapato, paliponse, iwo n'kumasaka ngati mwana. Tsopano m'nyumba mulibe wobisa. Botolo limangokhala patebulo, poyera. "Switi yosabisidwa sikoma, koma ndimadyabe."

Ndinati benchi iyi ndi yolimba. Iwo anati inde, ndi ya chitsulo.

Pobwerera sitinapikisane. Anali wefuwefu.

Lamulungu, 9 Juni

Shuga 12. Mpweya 94. Andichepetsera mpweya wa m'botolo.

Nambala zatuluka. Ine 950. Msonkhano wa kubafa uja unathandiza.

Iwo 520.

Mawu ndinali nditakonza kale kuyambira dzulo, abwino kwambiri, okhudza asilikali ophunzira amene athawa nkhondo kukalemba mayeso. Ndinawanenadi. Wa bedi 3 anaseka. Aphunzitsi anangokweza chala pang'ono, n'kuchitsitsa.

Ndinayesa zina. Ndinati mokweza, maselo a tiyi anga achuluka. Chete. Ndinati mapapo a munthu alipo atatu. Chete. Ndinati dzuwa ndi limene limazungulira dziko, aliyense amaliona. Maso otseka, chifuwa chikukwera, kutsika, kukwera, mofulumira ngati cha kamwana ka nkhuku.

Mpweya wawo 86. Awachotsa timapaipi, awaveka chophimba nkhope chonse. Madokotala atatu pa bedi limodzi, kuyankhula motsitsa.

2 koloko inakwana. Windo sindinatsekule.

Lolemba, 10 Juni

Awatenga m'mawa. Chipinda cha odwala mwakayakaya. Makina opumira.

Mkamwini ali pakhonde, wagwira nsapato za bambo ake m'manja, sakudziwa poziika.

Matiresi a bedi 8 awapukuta ndi mankhwala. Kabokosi ka magalasi katsala pa kabati.

Shuga sindinafunse.

Lachiwiri, 11 Juni

Shuga 11. Mpweya 95.

Ndaulula. Ndinamuitana Udzudzu, ndati tseka katani, mwana wanga, ndili ndi mlandu. Ndamuonetsa kabokosi, mapepala a maswiti asanu ndi awiri opindidwa bwinobwino ngati mafomu. Ndati ndinadziwa kuyambira Lachisanu. Ndinagulitsa asewele anga pa switi imodzi yofiira ndi windo la maola awiri. Ngati kuli apolisi a chipatala aitane, katundu ndalongedza kale.

Sanaseke. Anakhala pa bedi 8. Akuti maswiti sanathandize, zimenezo asandinamize, ndipo akauza madokotala awo lero lomwe. Koma si amene awagwetsa. Nambala zawo za magazi zinayamba kupendekeka Lachinayi, ndisanadziwe kanthu. Komanso mankhwala amene tonse tikulandira otonthoza mapapo amakweza shuga paokha.

Ndinafunsa kuti nanga asilikali awo apita kuti. Anatulutsa foni, kundionetsa chithunzi cha ku labu, cha munthu wina wosatchulidwa dzina. Timadontho tambirimbiri, ngati tsitsi pansi ndikamaliza kumeta mwana wa sukulu. Kadontho kalikonse ndi selo imodzi. Akuti ena amachoka m'magazi kupita m'mapapo komwe kuli nkhondo. Ena amafera komweko. Ena alipo koma alema, amenya masiku ambiri osapuma, avala zizindikiro zoti atopa. Ndiye akapitawo akalema, asilikali ena wamba amangowombera chiwomberewombere, kuwononga nyumba imene akuiteteza. Mwa anthu a shuga akuganiza kuti a T amayamba nkhondo ali olefuka kale. Akuganiza. Sanatsimikize.

Ndati ndiye tengani anga. Ndili ndi 950, ndiwagawireko 200, asandibwezere. Apa ndiye anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi mkono. Akuti sizitheka, asilikali anga akafika kumeneko adzayamba ndewu ndi eni nyumba. Ndati zimenezo ndiye n'zoona, amatidziwa.

Ndinafunsa ngati otopawo amadzukanso. "Nthawi zambiri, munthu akapatsidwa nthawi. Makina aja ntchito yake ndi yowagulira nthawi." Nthawi zambiri. Sanati nthawi zonse.

Sisitala wamva za switi yanga. Wafufuza pansi pa pilo, m'masokosi, m'chipewa. Wapeza chisa ndi sizasi basi. Sizasi walanda.

Lachitatu, 12 Juni

Shuga 10. Mpweya 96, wanga wanga, wopanda botolo.

Pa bedi 8 pabwera wina. Bambo wofatsa, wogwira ntchito ku positi. Amavomera chilichonse. Ndati nditsekule windo? Tsekulani. Nditseke? Tsekani. Ndamuuza kuti m'magazi muli asilikali ovala zipewa zazing'ono, amagona m'chigongono. Akuti "Eti? Zodabwitsa." Munthu wotere ungakhale naye bwanji?

Ndapezeka ndikumuphunzitsa za a T, opha ndi akapitawo, ndikujambula pa katoni ya mankhwala. Pakati pa phunziro ndinamva mawu anga, ndinasiya.

Dokotala wamkulu akuti mawa ndituluka. Sindikufuna. Chipinda chija chili kumapeto kwa khonde lomweli, ndikakhala pano ndimaona chitseko chake chikatsekuka. Kunyumba ndiziona chiyani?

Ndiye ndinakonza chifuwa. Sisitala akudutsa, ndinatsokomola kuchokera pansi pa mimba, ndi kubuula kumapeto. Anandipanitsa kachipangizo pa chala, kuyang'ana, 96. "Bambo, chifuwa chenicheni ndachimva zaka makumi awiri. Icho n'cha mbuzi." Ndinayesa kugwira mpweya kuti nambala itsike. Inakwera, 97.

Lachinayi, 13 Juni

Ndikutuluka masana. Akunyumba abweretsa buluku, likugwa, lamba wafika bowo lomaliza.

Anandilola kuima pa galasi la chitseko chija mphindi ziwiri. Agona chafufumimba, mapaipi paliponse, dazi lokha likuoneka. Ndinaliuza dazilo kuti mlandu wa galimoto ndauthetsa. Kenako ndinawalankhula anyamata awo, motsitsa, mwaulemu, poti ndi ophunzira. Ndati mabwana, pepani kukusokonezani, belu lalira.

Katundu wawo wotsala m'wodi ndikumulongedza ndine, mkamwini mutu suli pamalo. Malaya awiri, mswachi, wailesi, kabokosi ka magalasi. Zonse m'chikwama chawo chakuda. Changa nachonso n'chakuda. Ndimalize, akundiyembekeza.

Lamulungu, 16 Juni

Ndikulemba kuseri kwa kalendala ya chaka chatha. Kabuku kasowa.

Ndasaka paliponse. Ndawanamizira akunyumba kuti ayatsira moto. Ndamunamizira mdzukulu. Lero m'mawa ndikumwa mankhwala ndinakumbuka: zikwama ziwiri zakuda, pa bedi limodzi, zonse zotsekula.

Kali m'chikwama cha Aphunzitsi. M'kabati, pafupi ndi mutu wawo.

Zonse zili mmenemo. Dazi. Dzira. Mendulo. Msonkhano wa kubafa.

Ndikupemphera kuti adzuke. Ndikupempheranso kuti akadzuka asapeze magalasi. Koma magalasiwo ndinawaika ndekha m'chikwama chomwecho.

Ndamuimbira mkamwini kuti akanditengere. Akuti kumeneko salola kugwira katundu, amangolowa mphindi zisanu, atavala ngati wopita kumwezi. Mawu ake atha, ngati a munthu wokalamba. Ndinachita manyazi, ndinati zisiye, bambo ako ali bwanji. Chimodzimodzi.

Kuchoka pa mpando kufika pa geti ndimapuma kawiri. Makasitomala akufunsa kuti shopu itsekulidwa liti. Wina akuti wameta kwa mnyamata wa pa kona, wamusiyira mutu ngati chinanazi. Ndinasangalala pang'ono.

Shuga 9. Tiyi wopanda kanthu. Sindinadandaule, mpaka akunyumba kundigwira pachipumi.

Lachitatu, 19 Juni

Foni sikuchoka m'manja mwanga. Lero yalira kasanu ndi kamodzi. Kanayi anali a mpingo, kamodzi wolakwitsa nambala wofuna matayala.

Kachisanu ndi chimodzi mwana wanga. Akuti usana Aphunzitsi atentha thupi kwambiri, madokotala aitana mkamwini kuti akambirane.

Mdzukulu ali kuno. Wachira kalekale, akuthamangitsa mphaka ndi supuni. Anaona chithunzi cha ukwati pakhoma, kuloza dazi, "Gogo wina." Ndinapita kuseri kwa nyumba kukayang'ana ngati mpopi ukudontha. Sukudontha.

Loweruka, 22 Juni

Awachotsa pa makina! Akupuma okha, ndi chophimba nkhope chabe. Mwana wanga amakuwa pa foni mpaka ndinaitalikitsa ku khutu labwino.

Akuti mawu sakutuluka, kukhosi kuli zilonda za paipi. Alankhula ndi manja. Choyamba kupempha madzi. Chachiwiri ajambula mabwalo awiri m'maso ndi zala.

Magalasi.

Ndavina pabalaza, masitepe atatu, n'kukhala pansi wefuwefu. Kenako ndinakumbuka kabuku.

Lachinayi, 27 Juni

Kabuku kabwera. Ndikulembanso m'menemo.

M'mawa ndinapita kuchipatala, Udzudzu aluma komaliza. Ine 1400. Akuti anyamata anga abwerera pa ntchito, koma ayang'anabe ku labu ngati zizindikiro za kutopa zachoka, zimenezo ndidzamva miyezi ikubwerayi. Ndati akapeza wogona pa ntchito anditumizire dzina. Za Aphunzitsi anakana kundiuza, akuti nambala za munthu ndi za mwini wake. Ku wodi sanandilole, nthawi ya alendo inali isanakwane, ndipo Sisitala anandiona patali n'kuloza geti.

Madzulo mkamwini anabwera ndi envelopu. Sanandiyang'ane kumaso. Milomo ikunjenjemera, akudziletsa kuseka.

Aphunzitsi awerenga zonse. Tsamba lililonse. Anabwereka cholembera chofiira kwa Sisitala.

Pa 4 Juni alemba m'mbali: "Mphindi khumi ndi zitatu." Pa dzira: "Linalidi lalikulu." Pa msonkhano wa kubafa adula mzere pansi, "Tinamva wodi yonse." Pomwe ndinafotokoza za timadontho achonga, n'kulemba "Mwayesetsa." Pa dzuwa lozungulira dziko alemba "AYI" wamkulu mpaka pepala kubooka. Pa 10 Juni sanalembepo kanthu. Pali kabanga kozungulira, pepala lakwinyika. Mwina madzi akumwa.

Kumapeto, zilembo zokhotakhota ngati za mwana woyamba sukulu, mizere ikutsetsereka:

"Maswiti anali khumi ndi asanu, osati asanu ndi awiri. Mapepala ena ndinaponya pa windo lanu lotsekulalo. Musasenze mlandu wa munthu wamkulu ndi mano ake. Ine 880, ndikubwera. Galasi la kubafa landionetsa chinthu chonga tsache. Bwerani Loweruka nthawi ya alendo, ndi lumo."

Pansi pake, mu kabwalo: 6/10.

Sikisi! Masamba onsewa, ndikudwala, mpweya 90. Tikakambirana Loweruka, lumo lili pakhosi pawo.

Ndatulutsa zida. Lumo, burashi, sopo, thaulo loyera lija la makasitomala olemekezeka. Ndanola. Koma manja sanabwerere bwino, ndikatambasula dzanja zala zikuvina zokha. Munthu wangopulumuka kumene, ndisakamumalize ndine. Ndiyenera kuyesera kaye pa wina.

Mkamwini akadali pabalaza, akumwa tiyi. Ndevu za masabata atatu. Sakudziwa kanthu.

Akunyumba atseke geti.